Mwendo Wakumanzere

Zaka makumi anayi pakhonde la sitolo, pa boma la Mchinji,
mwendo wakumanja ukupalasa makina:
mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati,
nsalu zakuda zija zosoka usiku mwachangu.
Wakumanzere unkangokhala pansi pa tebulo
ngati mlamu wodzacheza
amene safunsa komwe kumakhala khasu.

Lero ndi womwewo ukundizenga mlandu.

Namwino wa kuchipatala, mwana wa dzulodzuloli,
anandimanga lamba pamkono, nayang'ana mawondo anga.
"Tadzukani pampandopo, osagwira kanthu."
Ndinaseka.
Ndinayesa.
Manja anathamangira okha ku tebulo
ngati ana oona galu.

Ndiye m'mawa uliwonse, mame asanakamuke,
ndimatulutsa mpando pabwalo.
Kukhala, kudzuka. Kukhala, kudzuka. Kakhumi.
Nangondo amawerenga ali pawindo,
koma mayi ameneyu ndi wakuba:
akafika pa seveni amabwerera pa faifi,
ati chitseko cha mawondo anga chinamusokoneza ndi kulira.

Kenako mabotolo awiri a mafuta ophikira
odzaza mchenga wa ku Bua.
Ndimawakweza kumwamba ngati ndikupereka mtulo,
mapewa n'kumadandaula m'chinenero chawo.
Adandaule.
Anakhala chete nthawi yaitali, atawerama pa singano.

Dzuwa likasuzumira ndimatsata njanji,
kuwerenga mitanda yake mpaka pa mtengo wa mkuyu.
Anyamata a kabaza amandiimbira belu:
"Tiyeni madala, tikuchotserani mtengo!"
Mwana wanga, ndalama ili m'thumbamu.
Chimene ndikusaka ine ndi thukuta.

Simunamudziwe Fikiloni inu.
Ankanyamula matumba a mtedza pa Kamwendo,
awiri nthawi imodzi, akuimba mluzu.
Anaterereka m'bafa mwezi wa Juni,
chiuno n'kuti thyo!
Sanamutenge ndi malungo, sanamutenge ndi mfiti.
Inamudya ndi mphasa,
pang'onopang'ono, ngati chiswe pa nsichi.
Buluku lake lomaliza ndinalibweza ndine m'chiuno,
zala zinayi zathunthu,
ndipo ulusi unkandizemba m'maso.

N'chifukwa chake madzulo mumandiona pakhoma la khitchini
nditaima ndi mwendo umodzi, waulesi uja.
Ana a kwa Chalendewa amakwera pa chulu kudzaonerera:
"Agogo asanduka kakowa! Agogo asanduka kakowa!"
Tsiku loyamba ndinangofika pa fili, dziko n'kupendama.
Dzana ndafika pa twente-thuu,
chala chimodzi chokha chili pa njerwa,
kunjenjemera kukuyambira m'kapolo wa phazi
kukwera mpaka m'mano awa otsala.

Sindikudzinamiza.
Imvi sizibwerera kumene zinachokera,
ndipo masiku ena bondo limatupa ngati dzungu,
mpando n'kugona panja wopanda woukhalira.
Ukalamba ndi ngongole ya katapila,
mwini wake amadziwa njira ya kunyumba kwanga.
Ine ndikungomupempha kuti ndizibweza pang'onopang'ono.
Telala amadziwa: chovala chikayamba kuthina
sutaya, umafufuza m'mphepete
pamene wosoka woyamba anabisa kansalu,
n'kumasula msoko.
Ndikumasula msoko wa masiku anga,
chala chimodzi, mwina ziwiri.

Sindikufuna zambiri.
Kudzimangira ndekha zingwe za nsapato.
Kutsika minibasi popanda kondakitala kundinyamula ngati thumba la makala.
Kupita kuseri usiku osadzutsa munthu.

Lamulungu lapitali ku tchalitchi tinagwada,
ndipo wansembe atati tiimirire, ndinaimirira.
Basi. Ndinangoimirira.
Benchi sindinaligwire.
Palibe anaona, kwaya inali pakati pa nyimbo,
koma Nangondo anatsokomola kamodzi, osanena kanthu.

Lero m'mawa ndapeza mipando iwiri pabwalo.
Wamanga chitenje cholimba m'chiuno,
nkhope ngati wapita kukadandaula kwa a khansala.
"Muwerenge bwino," akutero, "osaba."

Wani.
Thuu.
Akafika pa seveni, ndikudziwa chochita.